Kugula kotchipa, kugulitsa kodula: arbitrage ndi mmene mungaichitire muli ku Zomba

Azakhali anga anachita geni ya matemba kwa zaka zambiri. Ankanyamuka kusanache, kukwera matola a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukapikula matemba ouma kwa asodzi, n'kubwera nawo mumsika waukulu wa Zomba kumene nsomba zomwezo zinkagulidwa mokwererapo. Sankawedza, sankayanika, sankawonjezerapo kanthu. Ntchito yawo inali kudziwa kuti kunyanja mtengo uli pakuti, mtauni uli pakuti, n'kufikitsa katunduyo mitengo iwiriyo isanasinthe. Anthu a zachuma ali nalo dzina la zimenezi: arbitrage. Amatchula kuti "abitiraji", ndipo mawuwa anachokera ku Chifalansa.

Ndalemba izi pa zifukwa ziwiri. Mawuwa ayamba kumveka pa WhatsApp ndi pa Facebook, kawirikawiri m'kamwa mwa anthu ofuna kudya ndalama za anzawo. Komanso ndaona achinyamata ambiri a ku Chikanda, ku Matawale ndi ku Chinamwali akuthira mpamba wawo wonse mu geni imeneyi atangomva kuti "kwakuti kwatchipa", osawerengera, n'kubwera manja ali m'khosi.

Tanthauzo lake lenileni

Arbitrage ndi kugula chinthu kumene chikutchipa n'kuchigulitsa kumene chikudula, pa nthawi imodzi kapena moyandikana kwambiri, kuti phindu lichokere pa kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Mfundo zake ndi zitatu: chinthucho chikhale chimodzimodzi, misika ikhale iwiri, ndipo mitengo yonse iwiri muidziwe musanatulutse ndalama.

Mfundo yachitatuyi ndi imene ambiri amaiphonya. Munthu wogula chimanga mu Meyi n'kuchisunga kuti adzagulitse mu Januwale sakuchita arbitrage. Iyeyo akubetcha kuti mtengo udzakwera. Mwina udzakweradi, zaka zambiri zimatero, koma sakudziwa. Amene anasunga nandolo mu 2017 amakumbukira zimene zinachitika dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja: mtengo unagwa, matumba anangokhala m'nyumba mpaka kufumbwa. Wochita arbitrage sadikira zamawa. Amayang'ana mitengo iwiri imene ilipo lero.

M'misika ikuluikulu ya ndalama zimachitika chonchi. Masheya (magawo a umwini) a kampani imodzi amatha kugulitsidwa m'misika ingapo. Old Mutual, mwachitsanzo, ili pa msika wa masheya wa ku Johannesburg, wa ku London, komanso pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Sheya imodzimodziyo ikatchipa ku msika wina poyerekeza ndi unzake, mutasinthira mitengo yonse ku ndalama imodzi, wochenjera amagula kuno n'kugulitsa uko. Ku London ndi ku New York ntchito yotere imagwiridwa ndi makompyuta, ndipo mpata ukangooneka umatsekeka sekondi isanathe. Inu ndi ine sitingapikisane nawo. Mpata wathu uli kumene misewu ndi yovuta, nkhani za mitengo zimayenda mochedwa, ndipo mlimi alibe njira yofikitsira mbewu zake mtauni. Zomba ili ndi malo otere ambiri.

Yambani ndi katundu mmodzi amene mukumudziwa

Musayambe ndi zinthu zisanu. Sankhani chimodzi chimene mungachizindikire ndi maso ndi dzanja kuti ichi n'chabwino, ichi n'chosakaniza. Ngati simungasiyanitse mpunga wa kilombero ndi wa faya, kapena wosweka ndi wathunthu, mudzagula wotchipa pa mtengo wa wodula, ndipo wogula wa ku Limbe sadzanamizika ngati mmene munanamizikira inu.

Woyamba kumene ndimamulangiza katundu wouma: mpunga wa ku Domasi kapena ku Likangala, nyemba, mtedza, matemba. Tomato, kabichi ndi masitiroberi a kuphiri amakhala ndi mpata waukulu, n'zoona, koma mpatawo ndi waukulu chifukwa katunduyo sachedwa kuwonongeka. Ndinayesapo tomato. Galimoto inafera panjira cham'ma 10 koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala lili ng'aa, ndipo pofika madzulo madengu apansi anali akuchucha madzi. Theka la katundu ndinagulitsa mtengo wotaya kwa amayi ophika m'malesitilanti. Mpunga ukanandidikira.

Lembani mitengo musanagule kanthu

Gulani kope. Kwa milungu iwiri kapena itatu, musagule katundu ayi, muzingolemba mitengo ya malo awiri amene mwasankha: kwina kogula, monga Jali, Mayaka, Songani kapena Thondwe, ndi kwina kogulitsa, monga msika waukulu wa Zomba, Mpondabwino, kapena Limbe ndi Blantyre. Pezani munthu wodalirika kumbali iliyonse amene mungamamuimbire foni m'mawa. Muzilemba tsiku, malo, mtengo, ndi ngati linali tsiku la msika, chifukwa pa tsiku la msika katundu amachuluka ndipo mtengo umasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo.

Apa pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense. Mtengo umene mumamva mukamadutsa mumsika ndi woti inu mugulire. Umene mukufuna kudziwa ndi woti ogulitsa a mumsikamo agulire katundu wanu. Mayi wogulitsa mpunga pa benchi akanena kuti kilo ndi mwakuti, ameneyo ndi mtengo wogulitsira pang'onopang'ono, atakhala padzuwa tsiku lonse. Inu mukabwera ndi matumba khumi, adzakupatsani mtengo wa oda, wotsikirapo, poti nayenso afuna apezepo pake. Choncho funso lanu likhale lakuti: "Mayi, nditakubweretserani matumba asanu Lachinayi, mungandigule bwanji?" Yankho limenelo ndi limene mulembe m'kope. A m'mabanki nawo amakhala ndi mitengo iwiri ya dola pa bolodi, wogulira ndi wogulitsira. Nkhani yake ndi yomweyo.

Sinthirani miyezo yonse ku makilogalamu

Kumudzi amagulitsa pa ndowa, pa mbale, pa chitini kapena pa mulu. Mtauni wa oda amafuna sikelo. Ndowa sizilingana: ina ndi yotakasuka, ina inamenyedwa pansi kuti ilowe mkati, ina amadzaza mpaka kupanga phiri, ina amalekezera m'milomo. Ndiye mukangoyerekeza mtengo wa ndowa ya ku Jali ndi wa kilo ya ku Limbe m'mutu, mudzaona phindu limene kulibe.

Khalani ndi sikelo yanu, ndipo ikhale yoona. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayesa ndi kudinda masikelo a malonda. Pimani ndowa imodzi kuti mudziwe makilogalamu ake, kenako werengerani mtengo wa kilo imodzi. Ndikupemphani, musabere mlimi pa sikelo. Mbiri ya mavenda inaipa chifukwa cha zimenezi, ndipo n'tchimo kudya thukuta la munthu amene wagwira khasu miyezi isanu. Komanso mudzi umene mwaubera kamodzi sudzakusungirani katundu ulendo wina.

Samalaninso chinyontho. Chimanga kapena nyemba zogulidwa zitangokololedwa zimalemera ndi madzi, ndipo zikauma thumba limapepuka. Lumani njere: youma imathetheka, yaiwisi imanyema mwakachetechete.

Tsopano werengerani, ndipo musadzinamize

Pano m'pamene pagona nkhani yonse. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Inu muikemo mitengo ya m'kope lanu.

Tinene kuti thumba la mpunga la makilogalamu 50 mukuligula K80,000 kumudzi, ndipo wa oda ku Limbe walonjeza K95,000. Mpata ndi K15,000 pa thumba. Pa matumba khumi, mtima wayamba kale kuwerenga K150,000. Dikirani.

Wa kabaza wotulutsa thumba m'mudzi kufika pamsewu afuna K1,500. Galimoto kuchoka pamenepo kukafika ku Limbe, K4,000 pa thumba. Anyamata okweza ndi otsitsa, K1,000. Thumba latsopano ndi ulusi wosokera, K800. Chiphaso cha pamsika, K500. Kutumiza ndi kutapa ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, tiike K700 pa thumba. Inuyo simuuluka ndipo simugona ndi njala: ulendo wanu, chakudya ndi mayunitsi zikakwana K25,000, ndiye kuti thumba lililonse lasenza K2,500. Kenako pali kilo imodzi imene imasowa pa thumba, ina yatayikira m'galimoto, ina yapita pa kusiyana kwa masikelo, ina pa basela: K1,900.

Zonse pamodzi ndi K12,900. Chotsala ndi K2,100 pa thumba, K21,000 pa matumba khumi, mutaika mpamba wa K800,000.

Taonani tsopano kuwonda kwa phindulo. Mtengo ku Limbe ukangotsika ndi K50 pa kilo muli panjira, ndiye K2,500 pa thumba, phindu lonse lapita ndipo mwayamba kudya mpamba. N'chifukwa chake ndimati mpata umene umaoneka ndi maso si phindu. Nthawi zambiri kusiyana kwa mitengo ya Zomba ndi Blantyre kumangofanana ndi mtengo wonyamulira katundu pa mtunda umenewo, ndipo pamenepo palibe arbitrage iliyonse, pali thukuta lokha. Mpata weniweni ndi umene umatsala mutachotsa zonse.

Kuwerengera komweku kumakuuzaninso kumene mungakonze. Mukanyamula matumba 20 m'malo mwa khumi, ndalama ya ulendo wanu imagwa kuchoka pa K2,500 kufika pa K1,250 pa thumba. Mukapeza lole imene ikubwerera yopanda katundu, dalaivala amavomera mtengo wotsika. Mukagwirizana ndi anzanu awiri kubwereka galimoto imodzi, chimodzimodzi. Ndipo ngati mungapeze chonyamula pobwerera, monga sopo, mchere kapena mafuta ophikira a m'mahoseyilo oti mukaperekere ma grosale a kumudzi, ulendo umodzi wagwira ntchito ziwiri.

Pezani wogula musanalipire wogulitsa

Arbitrage ya m'mabuku ilibe chiopsezo chifukwa kugula ndi kugulitsa zimachitika pa nthawi imodzi. Ifeyo tili ndi msewu pakati, choncho ntchito yathu ndi kufupikitsa nthawi imeneyo. Njira yake ndi kumanga mtengo wogulitsira musanatulutse ndalama.

Azakhali anga analibe foni, ndiye ankapangana ndi ogula awo dzulo lake. Inu muli nayo. Muli pomwepo pa mulu wa katundu, imbani: "Achimwene, ndili ndi matumba khumi a kilombero wathunthu, ndifika nawo mawa m'mawa. Mtengo uja ulipobe?" Akavomera, apempheni akutumizireni uthenga wolemba, ndipo ngati n'kotheka ndalama pang'ono ya chikole. Tumizani chithunzi cha katunduyo kuti asadzanene kuti si amene anayembekezera. Khalaninso ndi wogula wachiwiri, chifukwa munthu amene akudziwa kuti mulibe kwina kopita amatsitsa mtengo katundu atatsika kale m'galimoto. Zinandichitikira. Tinagwirizana bwinobwino pafoni, koma nditafika anangoti, "Lero katundu wachuluka, ndikupatsani mwakuti." Galimoto inali itapita, ndipo ndinalibe nambala ya wina aliyense mumsikamo.

Pa ngongole ya katundu, yankho likhale limodzi: ayi. "Siyani, mudzatenge ndalama Loweruka" amasandutsa geni ya tsiku limodzi kukhala ya mwezi, mpamba wanu ukugwira ntchito ya munthu wina.

Ndalama yobwereka

Popeza phindu la arbitrage limakhala lochepa pa chinthu chimodzi, anthu amakopeka kubwereka kuti anyamule zambiri. Bwererani ku chitsanzo chija. Mutabwereka K800,000 ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye K160,000. Mufunika maulendo asanu ndi atatu opanda vuto lililonse kuti mungolipira chiwongoladzanja chokha. Za katapila ndiye tisanene n'komwe.

Musaganize kuti zimenezi zimagwetsa ife osauka tokha. Ku America kunali kampani yotchedwa Long-Term Capital Management imene inkachita malonda a mtundu umenewu ndi ndalama zobwereka zochuluka zedi. Pakati pa eni ake panali Myron Scholes ndi Robert Merton, amene analandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 1997. Chaka chotsatira, 1998, dziko la Russia linalephera kubweza ngongole zake, mitengo imene iwo ankayembekeza kuti iyandikirana inatalikirana, ndipo m'miyezi yochepa anataya madola oposa 4 biliyoni. Akanakhala ndi ndalama zawozawo akanatha kudikira. Eni ngongole sadikira.

Mipata imene muyenera kuisiya

Si mpata uliwonse umene uli wololedwa. Aliyense akudziwa kuti mtengo wa dola kubanki umasiyana ndi wa pamsewu, ndipo kusiyana kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti Reserve Bank of Malawi igwetse kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa pepala, kugula dola kubanki n'kukaigulitsa pamsewu ndi arbitrage yeniyeni. Pa lamulo ndi mlandu: kusintha ndalama zakunja kumafuna chilolezo cha Reserve Bank, ndipo anthu amamangidwa. Chimodzimodzi kugula feteleza wotsika mtengo wa boma kwa alimi kuti mukamugulitse modula. Kuwonjezera pa kuswa lamulo, mukuchotsa chakudya m'kamwa mwa banja limene likanakolola.

Pa mbewu, kumbukirani kuti Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yotsikitsitsa yogulira kwa alimi, ndipo wogula mbewu zambiri amafunika chiphaso. Kutulutsa chimanga kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo, ndipo boma limatseka kawirikawiri. Pitani ku ofesi ya zaulimi kapena ku khonsolo mukafunse musanayambe, kusiyana n'kukafunsidwa pa rodibuloko katundu ali m'galimoto.

Ndiye pali aja a pa intaneti. Amakulowetsani mu gulu la WhatsApp kapena Telegram, n'kukuuzani kuti ali ndi kompyuta yochita arbitrage ya Bitcoin kapena ya ndalama zakunja, inu mungoika K50,000 ndipo tsiku lililonse muzilandira phindu lokhazikika. Afunseni mafunso amene mwaphunzira pamwambapa. Akugula chiyani, kuti, pa mtengo wanji? Akugulitsa kuti? Ngati mpata wake ndi wotsimikizika chotero, akufuniranji K50,000 yanu, osangobwereka kubanki n'kudya okha? Mukaona kuti phindu lanu likukula mukabweretsa anzanu, dziwani kuti ndalama imene akukupatsaniyo ndi ya amene alowa pambuyo panu, ndipo tsiku limene olowa adzachepe, gulu lidzatsekedwa. Reserve Bank inachenjeza kale kuti ndalama za pa intaneti ngati Bitcoin si ndalama zovomerezeka m'Malawi, kotero zikapita mulibe kokadandaula.

Ulendo woyamba, ndi nthawi yosiya

Yesani ndi matumba awiri, ndi ndalama imene itatayika ana sagona ndi njala. Phindu lidzakhala lochepa kapena losakhalapo, poti ndalama ya ulendo yagwera pa katundu wochepa, koma cholinga cha ulendo umenewu ndi kuyesa kope lanu. Mukabwerera, lembani ndalama iliyonse imene yatuluka, ngakhale ya madzi akumwa, n'kuyerekeza ndi zimene munawerengera. Mudzapeza zinthu ziwiri kapena zitatu zimene simunaziganizire. Ziikeni, werengeraninso, ndipo ngati chotsala chikadalipo, onjezerani katundu pang'onopang'ono. Ndalama ya mpamba ikhale payokha, osaiphatikiza ndi ya ndiwo.

Dziwaninso kuti mpata uliwonse umatsekeka. Anzanu akakuonani mukutsitsa matumba kawiri katatu, nawonso apita komweko. Ogula akachuluka kumudzi mtengo umakwera, katundu akachuluka mtauni mtengo umatsika, mpaka mitengo iwiriyo itatsala pang'ono kukumana. Akatswiri a zachuma amati arbitrage imadzipha yokha, ndipo pamenepo mlimi wapeza mtengo wabwinoko, wogula mtauni wapeza wotsikirapo. Choncho musasiye kulemba mitengo ngakhale geni ikuyenda. Dziikireni malire, mwachitsanzo kuti chotsala pa thumba chikatsika pansi pa K1,500 kwa maulendo awiri otsatizana, njira imeneyo muyambe mwaisiya, ndipo kope likhale litayamba kale kutsata katundu wina.

Nthawi zina mpata sutsekedwa ndi anthu. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, ku Kachulu kunalibe matemba oti n'kupikula, mabwato anangokhala pamatope. Anzawo ena a azakhali anadikira madzi, akudya mpamba. Azakhaliwo anatenga madengu omwewo, n'kuyamba kufunsa mtengo wa nyemba ku Thondwe.